Njinga Ilipo Kale ku Phalombe, Chikusowa ndi Sitima

M'mizinda ikuluikulu ya ku Ulaya, ku China ndi ku America muli njira ya kayendedwe imene akatswiri a za kusintha kwa nyengo amaiyamikira kwambiri, ndipo njirayo ndi ya njinga zobwerekana, kutanthauza njinga zakapalasa zimene khonsolo ya mzinda kapena kampani imaika pa masiteshoni a sitima ndi m'mphepete mwa misewu kuti munthu aliyense atengepo imodzi, apalase ulendo wake waufupi, kenako aisiye pamalo ena kuti winanso aikwere. Cholinga chake ndi kutseka mpata umene umakhala pakati pa khomo la munthu ndi siteshoni, chifukwa mpata umenewo, ngakhale utangokhala wa makilomita awiri kapena atatu, ndi umene umachititsa anthu ambiri kuliza galimoto m'mawa m'malo mokakwera sitima. Nzeru imeneyi ndi yoona ndipo yathandiza kumene inabadwira, koma ikafika m'boma la Phalombe imapeza zinthu zili chadodolido, pakuti njinga yokwera anthu ambiri ilipo kale ndipo dzina lake ndi kabaza, pamene sitima imene njingayo ikanakakumana nayo kulibe. Aliyense wofuna kuchepetsa utsi pa maulendo a anthu a ku Phalombe ayenera kuyamba ndi njanji ndiponso ndi anyamata a kabaza amene akupalasa lero, asanaganize zoitanitsa njinga zatsopano kuchokera kunja.

Mpweya wa kaboni, umene pa nkhani za tsiku ndi tsiku umangotchedwa utsi ngakhale kuti weniweniwo suoneka ndi maso, umatuluka paliponse pamene mafuta, malasha kapena nkhuni zapsa, ndipo ukachuluka mumlengalenga umatsekereza kutentha kumene kukanabwerera kumwamba, zimene zimasokoneza kagwedwe ka mvula ndi kuwonjezera ukali wa anamondwe. Masamu ake ndi osavuta, chifukwa lita imodzi ya petulo ikapsa mu injini imatulutsa makilogalamu pafupifupi 2.3 a mpweyawu, pamene lita ya dizilo imatulutsa pafupifupi 2.7. Choncho munthu amene wasiya galimoto yake pakhomo n'kupalasa njinga kukakwera sitima wapulumutsa mafuta a ulendo wonse wa makilomita 20 kapena 30, kuposa kwambiri a kagawo kamene wapalasako. Phindu lalikulu la njinga zobwerekana lagona pamenepa. Njinga payokha imachotsa utsi wochepa, koma imafikitsa munthu pa khomo la sitima, ndipo sitimayo ndi imene imanyamula anthu mazanamazana nthawi imodzi ndi mafuta kapena magetsi ochepa pa mutu uliwonse.

Ganizo la njinga zobwerekana linayambira ku Amsterdam mu 1965, pamene achinyamata ena anapaka njinga penti woyera n'kuzisiya mumsewu kuti aliyense akwere, ndipo ngakhale njinga zoyambazo sizinakhalitse, mizinda ina inadzalitola patapita zaka zambiri: Lyon mu 2005, Paris ndi njinga zake za Vélib' mu 2007, ndi Hangzhou wa ku China mu 2008. Chitsanzo chimene chikukhudza kwambiri nkhani ino ndi cha OV-fiets, njinga zobwereketsa pa masiteshoni a ku Netherlands zimene zinayamba mu 2003 ndipo lero zili m'manja mwa kampani ya sitima ya dzikolo, moti wotsika sitima amatenga njinga ndi khadi lomwelo limene wakwerera sitimayo. Pa siteshoni ya Utrecht pokha pali malo osungira njinga 12,500, amene anatha kumangidwa mu 2019. Ku Shanghai, kafukufuku wina amene anasindikizidwa mu 2018 anawerengera kuti njinga zobwerekana zinachepetsa mpweya wa kaboni ndi matani oposa 25,000 m'chaka cha 2016 chokha.

Komabe ziwerengero zoterezi ziyenera kuwerengedwa ndi maso awiri, pakuti zonse zimadalira funso limodzi, lakuti wokwera njingayo akanayenda bwanji njingayo ikanapanda kukhalapo. Kafukufuku wa Elliot Fishman ndi anzake, wa mu 2014, anapeza kuti ku Brisbane, Melbourne ndi Minneapolis ulendo pafupifupi umodzi mwa asanu alionse a njinga zobwerekana unalowa m'malo mwa ulendo wa galimoto, koma ku London anali maulendo awiri okha mwa 100, chifukwa ambiri mwa okwerawo kale ankayenda pansi, pa basi kapena pa sitima. Chinanso chimene anapeza ku London n'chakuti magalimoto otolera njinga pamene zaunjikana n'kukazitula pamene zatha ankayenda mtunda wautali kuposa mtunda wa magalimoto umene njingazo zinapulumutsa. Phunziro lake ndi lomveka bwino: njinga yobwerekana imapha utsi pokhapokha ngati yatsitsa munthu m'galimoto, ndipo imamutsitsa mosavuta kumene kuli sitima yodalirika yomuyembekeza.

Boma la Phalombe, limene linapatuka ku Mulanje mu 1998 ndipo kalembera wa mu 2018 anapezamo anthu oposa 429,000, lilibe njanji ngakhale kilomita imodzi, ndipo lilibenso khamu la eni magalimoto oti n'kuwatsitsa m'magalimoto awo. Kafukufuku wa za chiwerengero cha anthu ndi umoyo wa mu 2015 ndi 2016 anasonyeza kuti m'Malawi muno mabanja pafupifupi anayi mwa khumi alionse anali ndi njinga yakapalasa, pamene okhala ndi galimoto sankafika ngakhale asanu mwa 100, ndipo pa chigwa chathyathyathya chimene chayala kuchokera m'tsinde mwa phiri la Michesi mpaka kunyanja ya Chilwa njinga ndiyo mwendo wa banja lonse. Ndi imene imapita kuchigayo, kusikelo, kumsika wa Chiringa kapena wa Mulomba, ndipo ndi imene imatuta nandolo, mpendadzuwa, mpunga ndi nsomba za ku Chilwa kuchoka kumudzi kufika pa msewu wa tala. Kubweretsa njinga zobwerekana za mtundu wa ku Paris pamalo otere sikungatsitse aliyense m'galimoto, koma kungalande kasitomala kwa mnyamata amene akudyetsa ana ake ndi mapedulo.

Njinga ya kabaza imadziwika ngakhale ili patali. Keliyala yake inadutsa kwa wowotcherera kuti ilimbe ndi kutalika, pamwamba pake pali khushoni yokutidwa bwino, m'mbali mwa tayala lakumbuyo muli tizitsulo topondapo mapazi, ndipo kuseri kwa chishalo kuli kahandulo kakang'ono kogwira wokwera. Pa siteji ya ku Migowi, minibasi ikangoima, anyamatawo amakankha njinga zawo kufika pakhomo pake n'kumafunsa mwaulemu kuti, “Tikusiyeni kuti, mayi?” ndipo mayi amakhala cham'mbali atakonza chitenje chake, mwana ali kumbuyo, thumba la katundu lili pamiyendo. Chapafupi, pansi pa mtengo wa mango, pamakhala wokonza njinga ndi beseni la madzi lofufuzira pamene chubu chabooka, guluu, zigamba zodula ku chubu chakale, masipanala, ndi mtolo wa masipoko, ndipo njinga imene yathyoka tcheni m'mawa imakhala ili pamsewu dzuwa lisanafike paliwombo. Palibe thandizo lakunja limene linakhazikitsa dongosolo limeneli. Analimanga ndi eni ake, ndi mabungwe awo a pa siteji, malamulo awo a mzere, ndi mitengo imene wokwera ndi wopalasa amagwirizana pakamwa.

Poyerekeza ndi njinga zotsegula ndi foni, kabaza ali ndi ubwino umene okonza mapulani a kayendedwe ayenera kuuvomereza poyera. Njinga imodzi imanyamula anthu ambiri pa tsiku, monga mmene njinga yobwerekana imachitira, koma imadzibwerera yokha pa siteji pamodzi ndi mwini wake, moti vuto la ku London la magalimoto otolera njinga kuno kulibe. Imanyamula agogo amene sangathe kupalasa, mayi woyembekezera amene akupita kuchipatala cha Holy Family kapena kuchipatala chatsopano cha boma chimene chinatsegulidwa mu 2022, ndi thumba la chimanga la makilogalamu 50, zimene njinga ya ku Paris sinapangidwire. Siifuna foni yamakono, intaneti, magetsi kapena khadi la kubanki. Ndiponso ili ndi mwini amene amaisamala, pamene ku China, makampani atapikisana pothira njinga mamiliyoni m'misewu, kampani ya ofo inagwa mu 2018 ndipo njinga zosawerengeka zinaunjikidwa m'mabwalo n'kuchita dzimbiri, chitsulo ndi mphamvu zonse zimene zinapita pozipanga zitatayika pachabe.

Ngakhale zili choncho, m'mabuku owerengera utsi wakabaza saonekamo, ndipo apa ndi pamene pali kupanda chilungamo kumene kuyenera kutchulidwa dzina. Msika wa kaboni, umene ndi dongosolo loti kampani kapena dziko lotulutsa utsi wambiri lilipire ena amene achepetsa utsi kwawo, umayendera lamulo lakuti cholipiridwa ndi utsi wokhawo umene ukanatuluka ntchito inayake ikanapanda kuchitika. Potengera lamulo limeneli, munthu wa ku Shanghai amene wasiya galimoto kwa tsiku limodzi wapulumutsa dziko ndipo zalembedwa, pamene mnyamata wa kwa Nazombe amene wapalasa anthu zaka khumi osapsereza ndi dontho lomwe la petulo sanapulumutse kanthu, chifukwa analibe utsi woti asiye. Muyeso woterewu umapatsa mphoto amene anayamba wawononga, n'kumana amene sanawonongepo. M'Malawi, mpweya wa kaboni wochokera ku mafuta ndi mafakitale umakwana pafupifupi gawo limodzi mwa magawo khumi a tani pa munthu aliyense pa chaka, pamene pa dziko lonse ndi matani oposa anayi ndi theka, ndipo ku United States ndi matani pafupifupi 14. Boma la Malawi linakhazikitsa ndondomeko yake ya misika ya kaboni mu 2023, ndipo ndi udindo wa amene akuiyendetsa kukakamira kuti kusunga anthu pa kayendedwe kopanda utsi kuziwerengedwa ngati ntchito yoyenera malipiro.

Chimene chikuwawitsa nkhaniyi n'chakuti boma la Phalombe, limene limatulutsa utsi wochepa kwambiri, ndi limene likulipira mtengo wake ndi miyoyo. Anthu a ku Phalombe amaudziwa ukali wa madzi kuyambira kale, ndipo akuluakulu sanaiwale Napolo wa mu Malichi 1991, pamene matope ndi miyala zinatsika m'phiri la Michesi n'kupha anthu mazanamazana. Koma zaka zaposachedwazi ngozi zakhala zikubwera mopondana: anamondwe Idai mu 2019, Ana ndi Gombe mu 2022, kenako Freddy mu Malichi 2023, amene anagwetsa mvula yoposa mamilimita 1,000 m'masiku anayi okha kwa Nkhulambe, nakokolola midzi, milatho, minda ndi chipatala chaching'ono cha m'deralo. M'dziko lonse anthu amene anamwalira kapena kusowa pa namondwe ameneyu anapitirira 1,000, ndipo oposa 650,000 anasowa pokhala. Asayansi a gulu la World Weather Attribution anapeza mu 2022 kuti kutentha kwa dziko kunawonjezera mphamvu ya mvula imene inabwera ndi anamondwe a chaka chimenecho m'chigawo chino cha Africa. Kumpoto kwa bomali, nyanja ya Chilwa inaphwa mu 1995 ndipo inaphwanso kwambiri mu 2018, asodzi n'kutsala ndi mabwato pamatope ouma. Misewu itaduka pambuyo pa Freddy, kunali madera ambiri amene ankafikika wapansi ndi pa njinga basi, chifukwa njinga munthu amatha kuisenza paphewa powoloka mtsinje.

Kumene kungapulumutsidwe utsi weniweni ku Phalombe ndi pa kusintha kumene kukuchitika panopa pa masiteji onse, pamene njinga yamoto ikukankhira pambali yakapalasa. Masamu ongoyerekeza akhoza kusonyeza kukula kwake. Njinga yamoto yaing'ono imamwa malita pafupifupi awiri ndi theka pa makilomita 100, ndipo ngati wakabaza ayenda makilomita 40 pa tsiku kwa masiku 300 pa chaka, ndiye kuti wayenda makilomita 12,000, wapsereza malita 300, ndipo watulutsa makilogalamu pafupifupi 690 a mpweya wa kaboni, umene ndi wofanana ndi wa Amalawi pafupifupi asanu ndi awiri pa chaka chonse. Malita amenewo amagulidwa ndi ndalama zakunja zimene dziko lilibe, monga mmene mizere ya pa malo omwetsera mafuta yakhala ikusonyezera kuyambira mu 2022, ndipo kugwa kwa kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023 kunakweza mtengo wa chilichonse chodalira injini. Pamwamba pa izi pali miyendo ndi mitu yothyoka imene yadzaza mawodi a mafupa m'zipatala zazikulu.

Mnyamata amene wasiya kupalasa n'kugula njinga yamoto sayenera kudzudzulidwa, chifukwa kupalasa munthu wamkulu pamchenga, dzuwa la mu Okutobala lili pamutu, m'mimba muli phala lokha, ndi ntchito yodya thupi, ndipo pali maulendo ena, monga othamangitsa wodwala usiku kuchokera kwa Chiwalo, amene injini imapulumutsa moyo. Cholakwa chili pa dongosolo limene lasiya ulendo wonse, waufupi ndi wautali womwe, pa msana wa njinga. Pamene basi yodalirika palibe ndipo sitima kulibe, munthu wopita makilomita 30 amasankha njinga yamoto chifukwa palibenso china, ndipo yakapalasa imaoneka ngati chizindikiro cha umphawi. Njinga yakapalasa imapambana pa makilomita asanu oyamba ndi asanu omaliza, ndipo imakhalabe ndi msika pokhapokha ngati pakati pa ulendowo pali chonyamula anthu ambiri chobwera pa nthawi yodziwika. Uku ndiko kufanana kwenikweni kwa Utrecht ndi Migowi.

Njanji siili kutali ndi Phalombe monga mmene ambiri amaganizira, pakuti yalizungulira bomali mbali ziwiri. Kumwera chakumadzulo kuli njanji yakale ya Shire Highlands Railway, imene inafika ku Blantyre mu 1908 ndipo imadutsa pa Luchenza, Khonjeni, Sandama ndi Thekerani potsikira kuchigwa cha Shire. Njira imeneyi inaduka pa Chiromo ndi madzi osefukira a mu 1997, ndipo madzi a mu 2015 anawononganso mbali ina n'kuimitsa sitima ya anthu yopita ku Makhanga, ngakhale kuti gawo la Limbe mpaka Sandama linadzakonzedwa, ndipo kumalire a kumwera sitima yonyamula mafuta kuchokera ku Beira inafika pa Marka mu Seputembala 2024 patapita zaka pafupifupi 40. Kumpoto, kutsidya kwa nyanja ya Chilwa, kuli njanji ya Nkaya, Liwonde mpaka Nayuchi, imene inatsegulidwa mu 1970 polumikiza dziko lino ndi doko la Nacala. Kuyambira mu 1999 njanji za dziko lino zakhala m'manja mwa kampani ya Central East African Railways pa mgwirizano wobwereka ndi boma, ndipo sitima ya anthu imene yatsala imayenda masiku owerengeka okha, moti palibe mzinda uliwonse m'Malawi umene uli ndi sitima ya m'mawa ndi madzulo yoti wantchito n'kuidalira.

Njanji ya ku Nayuchi ndi imene ikuonetsa bwino zimene dziko linaika patsogolo. Kampani ya Vale ya ku Brazil inaimanganso ndi kuitalikitsa kuti malasha a ku Moatize, m'chigawo cha Tete, azidutsa m'Malawi popita ku Nacala pa mtunda wa makilomita oposa 900, ndipo njirayo, imene inakonzedwa kuti izitha kunyamula matani 18 miliyoni pa chaka, inagulidwa ndi kampani ya Vulcan mu 2022. Tani imodzi ya malasha ikapsa imatulutsa matani oposa awiri a mpweya wa kaboni, kutanthauza kuti mabogi amene amadutsa usana ndi usiku kumpoto kwa nyanja ya Chilwa anyamula mbewu ya anamondwe amene adzagwere pa Michesi. Zitsulo zabwino koposa m'dziko muno zinayalidwira malasha, ndipo anthu amangopatsidwa mpata wotsala. Dziko limene linapereka nthaka yake kuti njanji idutse lili ndi ufulu wonse wofuna kuti mgwirizano wake ndi oyendetsa njanjiyo unene momveka kuchuluka kwa masitima a anthu pa sabata, nthawi zake, ndi masiteshoni amene ayenera kukhala otsegula, ndipo aphungu a Nyumba ya Malamulo ochokera ku Phalombe, Mulanje, Thyolo ndi Machinga ayenera kufunsa kuti mfundo zimenezi ziikidwe poyera.

Wina anganene kuti kuchoka pa boma la Phalombe kudzera pa Chitakale kufika pa Luchenza ndi makilomita ambiri ndithu, oti sangatchedwe kagawo komaliza ka ulendo, ndiponso kuti wopita ku Limbe amafika msanga podzera msewu wa Chiringa ndi Chiradzulu. Zimenezo n'zoona, ndipo palibe chifukwa chonamizira anthu kuti kabaza adzawatula pa khomo la sitima. Kwa munthu wa ku Phalombe unyolo wake uli ndi mphete zitatu, kabaza kuchoka kumudzi kufika pa tala, basi yaikulu yoyendera nthawi pa msewu wa Zomba, Jali, Phalombe mpaka Chitakale, ndi sitima pa Luchenza, ndipo amene angapindule nawo koyamba ndi katundu. Mu 2021 dziko la India linagwirizana ndi Malawi zogula matani 50,000 a nandolo chaka chilichonse kwa zaka zisanu, ndipo Phalombe ndi limodzi mwa maboma amene amalima nandolo wambiri. Nandoloyo amachoka m'munda pa keliyala ya njinga popanda utsi uliwonse, koma kuyambira pa sikelo ya venda amakwera malole a dizilo, pamene sitima imanyamula tani iliyonse ndi mafuta ochepa kangapo kuposa lole. Malo osonkhanitsira mbewu pa Luchenza, okhala ndi mosungira katundu ndi mabogi odikira nyengo yokolola, angachotse malole ambiri pamsewu ndi kuchepetsa mtengo wa mayendedwe umene pomaliza umadulidwa pa mtengo wa mlimi.

Kumene masamu a ku Utrecht angagwire ntchito monga alili ndi mumzinda wa Blantyre, kumene ana ambiri a ku Phalombe amakhala ndi kugwira ntchito. Njanji imadutsa pakati penipeni pa mzindawu, kuchoka ku Limbe kufika pa siteshoni ya Blantyre pafupi ndi depoti ya Wenela, n'kupitirira cha ku Chirimba ndi Lunzu, pamene m'mawa uliwonse maminibasi ndi magalimoto amapanikizana pa msewu wa Masauko Chipembere akupsereza mafuta ataima. Sitima yaifupi yoyenda pakati pa Lunzu ndi Limbe m'mawa ndi madzulo, yokhala ndi siteji ya kabaza yovomerezeka ndi malo otetezeka osungira njinga pa siteshoni iliyonse, ingatsitse anthu m'magalimoto zenizeni, ndipo utsi wopulumutsidwawo ungawerengeke ndi muyeso uliwonse wa dziko lapansi. Zitunda za mzindawu n'zovuta kwa wopalasa, ndipo kumeneko njinga zothandizidwa ndi batire zingakhale ndi malo ake, malinga zikhale za anyamata a pa siteji eni ake kudzera m'ngongole zofewa.

Pali chinthu chimodzi chimene okonda njinga sayenera kubisa, chakuti keliyala yomweyo imene imanyamula mayi wopita kusikelo imanyamulanso matumba a makala ochokera m'nkhalango za Michesi ndi Mulanje, ndipo gawo lalikulu la utsi wa dziko lino limachokera ku kudula mitengo, kuwotcha tchire ndi ulimi, kuposa ku magalimoto. Phiri lopanda mitengo ndi limene limatumiza matope kumudzi. Mnyamata wokankha matumba atatu a makala usiku wonse amatero chifukwa katundu wina wolipira palibe, ndipo siteshoni yamoyo yokhala ndi okwera ndi katundu tsiku lililonse ingamupatse china chonyamula.

Zimene khonsolo ya Phalombe ingachite payokha n'zotsika mtengo poyerekeza ndi njanji. Misewu ya tala imene inatenga zaka zambiri kuti ithe iyenera kukhala ndi m'mbali motakata ndi mosamalidwa, makamaka podutsa pa misika, chifukwa wopalasa amene amathawira kutchire lole iliyonse ikamabwera sachedwa kusiya ntchitoyo. Timilatho ta m'midzi timene tinakokoloka tikonzedwe mwamsanga, pakuti mlatho wa oyenda pansi ndi njinga sufuna ndalama zochuluka ngati wa magalimoto koma umatsegula midzi yambiri. Masiteji akhale ndi denga, madzi ndi chimbudzi, ndipo mabungwe a akabaza azikhala nawo pa misonkhano yokonza mapulani a chitukuko ngati oyendetsa mayendedwe a anthu, m'malo mongokumbukiridwa pa nthawi yotolera ziphaso. Boma lalikulu nalo lichotse msonkho uliwonse umene umakweza mtengo wa njinga yakapalasa, matayala, machubu ndi matcheni, popeza kukwera mtengo kwa zipangizozi ndi kumene kukugonetsa njinga zambiri pakhonde.

Ndalama za ntchito zimenezi zili ndi kochokera. Mu 2019 boma linayambitsa msonkho wa utsi wa magalimoto, ndipo n'koyenera kuti gawo lodziwika la msonkhowo lizipita ku kayendedwe kopanda utsi m'maboma amene akuzunzika kwambiri ndi anamondwe, ndi kuti Unduna wa Zachuma uzifotokoza chaka ndi chaka kumene lapita. Mu 2021 Malawi analonjeza pansi pa mgwirizano wa ku Paris kuti pofika 2040 adzachepetsa utsi wake ndi 51 peresenti poyerekeza ndi mmene ukanakulira, ndipo mwa gawo limeneli 6 peresenti yokha ndi imene dziko lidzachite ndi chuma chake, pamene 45 peresenti ikudalira thandizo lakunja. Nthumwi zimene zimapita kukapempha thandizolo, ndiponso ndalama za thumba la zowonongeka limene linavomerezedwa ku Sharm el-Sheikh mu 2022, zipite ndi pempho lolembedwa bwino lokhala ndi mayina a malo: sitima ya anthu ya tsiku ndi tsiku pakati pa Luchenza, Limbe ndi Lunzu, malo okwezera nandolo pa Luchenza, mabasi oyendera nthawi pakati pa Migowi ndi Chitakale, ndi kalembera wa akabaza onse a njinga zakapalasa m'boma la Phalombe wosonyeza mtunda umene amayenda ndi anthu amene amanyamula pa chaka, kuti pokambirana za malipiro pakhale chiwerengero chawo pa tebulo.